MAPHUNZIRO A PA NCHITO: KODI PHINDU LACE LIONEKA KUTI?

Sipapita mwezi osamva pa wailesi kuti anchito ena atsiriza maphunziro a mlungu umodzi kapena iwiri ku Chipata, ku Katete, ku Petauke kapena ku Lundazi. Mwambo wace ngwodziwika kwa onse. Mlendo wolemekezeka amafika, nalankhula mau olimbikitsa, napereka masetifiketi. Wojambula amaimika anthu onse pamzere kutsogolo kwa holo, ndipo nkhani imathera pa ciwerengero ca amene aphunzira. Pambuyo pace mlangizi wa zaulimi amabwerera ku kampu yace, namwino ku kiliniki yace, mphunzitsi ku sukulu yace. Cimene sicimveka pa wailesi ndi ici: ikapita miyezi isanu ndi umodzi, kodi mlimi, wodwala ndi mwana wa sukulu aona kusintha kotani pa nchito ya anthu aja?

Funsoli lakula masiku ano kaamba ka ndalama. Kuyambira mwezi wa January 2017 makampani a muno mu Zambia amapereka msonkho wa maphunziro a luso, wochedwa Skills Development Levy. Pa K200 iriyonse imene kampani ilipira anchito ace, iyenera kupereka K1 ku Zambia Revenue Authority, ndipo ndalamayi icokera m'thumba la wolemba nchito, siidulidwa pa malipiro a wanchito. Gawo lina la msonkhowu limapita ku maphunziro a anthu amene ali kale pa nchito, kupyolera m'bungwe la TEVETA loyang'anira masukulu a luso. Kwinaku thumba la citukuko ca m'madera a aphungu a Nyumba ya Malamulo, la CDF, linakwera kucoka pa K1.6 miliyoni pa dera lirilonse mu 2021 kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo mu 2025 linafika pa K36.1 miliyoni. M'thumba limeneli mulinso ndalama zolipirira acinyamata ofuna kuphunzira ukalipentala, utelala, umakanika, kumanga nyumba ndi maluso ena. Pamwamba pa zonsezi pali masemina osawerengeka ocititsidwa ndi maunduna ndi mabungwe othandiza.

Ndalama zimenezi nza anthu. Ngakhale msonkho wa kampani potsiriza umalowa mu mtengo wa sopo ndi mafuta ophikira zimene mai wa kumudzi agula pa golosale. Motero munthu wa kumudzi ali nao ufulu wofunsa cimene ndalamazo zagula.

MAKWERERO ANAI

Anthu a maiko ena analimbana nalo kale funso limeneli. Mu 1959 mphunzitsi wina wa ku America, Donald Kirkpatrick, analemba kuti maphunziro a pa nchito ayenera kuyesedwa pa makwerero anai. Loyamba ndilo kufunsa ophunzirawo ngati anakondwera. Laciwiri ndilo kuona ngati adziwa kanthu kamene sanali kukadziwa kale. Lacitatu ndilo kuwatsatira ku nchito kwao ndi kuona ngati manja acita zimene mutu unaphunzira. Lacinai ndilo kuona zipatso zace: zokolola zoculuka, odwala ocira, ana okhoza mayeso, ngozi zocepa pa mgodi.

Makwerero awiri oyamba sabvuta, pakuti zonse zimatheka tsiku lotsekera, aliyense asanakwere basi. Munthu amene wadya bwino masiku asanu, wagona pabwino ndi kulandira alawansi yace sangalembe pa pepala kuti maphunziro anali oipa. Nawonso mayeso olemba Lacisanu pa zinthu zophunzira Lolemba sabvuta kukhoza. Makwerero awiri otsiriza ndiwo afuna galimoto, mafuta, nthawi, ndiponso mtima wolandira yankho losakoma. Ndico cifukwa cace malipoti ambiri amaima pa khwerero loyamba, ndipo ena safika ndi pomwepo, amangowerenga mitu ya anthu amene anakhala m'holo.

MANKHWALA ATSOPANO ALI M'KABATI, MWANA ALANDIRA AKALE

Dziko lino liri ndi citsanzo cace cosonyeza zimene zimapezeka munthu akakwera kufika pa khwerero lacitatu. Mu 2002 Boma linagamula kusiya mankhwala a kolorokwini, amene anali atasiya kuciza malungo mwa odwala ambiri, ndi kuyamba kugwiritsa nchito Coartem. Zambia inali mwa maiko oyambirira mu Africa kucita zimenezi. Mankhwala anagulidwa ndi ndalama zambiri, mabuku a malangizo ndi mapepala omata pakhoma anasindikizidwa, ndipo anchito a zaumoyo anaitanidwa ku maphunziro. Wowerenga mitu akadalemba kuti nchito yatheka.

Koma mu 2004 akatswiri ofufuza anapita ku zipatala ndi makiliniki a Boma ndi a mishoni m'maboma anai: Chingola, Kalomo, Chipata ndi Samfya. Iwo anafuna kudziwa cinthu cimodzi, ndico mankhwala amene mwana wodwala malungo anali kulandira tsiku wamba la nchito. Anapeza kuti mwa ana olemera makilogramu 10 kapena kuposa apo, amene malangizo atsopano anati alandire Coartem, ana 11 okha pa 100 alionse ndiwo anapatsidwa mankhwalawo. Ambiri anapatsidwa Fansidar. Wina angati mwina Coartem kunalibe. Nzoona kuti m'makiliniki ambiri munalibe, koma ngakhale mmene analimo tsiku lomwelo, ana 22 okha pa 100 ndiwo anamlandira. Cowawa koposa cinali cakuti kupita ku maphunziro, kapena kukhala ndi mapepala a malangizo, sikunaoneke kuti kunasintha kaperekedwe ka mankhwala.

Nkhaniyi siyonyoza anamwino. Zifukwa zace nzosabvuta kuziganiza kwa aliyense wodziwa moyo wa pa kiliniki ya kumudzi. Munthu amene wapereka mankhwala amodzimodzi zaka zambiri, dzanja lace limapita lokha pa botolo lakale. Akaona kuti mankhwala atsopano ali mabokosi ocepa ndipo sadziwa tsiku limene galimoto idzabweretse ena, amawasungira odwala kwambiri. Mnzace wa pa nchito amene sanapite ku semina acitabe zakale, ndipo pa mzere pali amai ambiri odikira. Masiku asanu a m'holo sangagonjetse zonsezi paokha.

Ofufuza aja anabwereranso ku maboma omwewo mu 2006, napeza kuti ciwerengero cakwera kufika pa ana 42 pa 100. Kusintha kunabwera ndithu, koma pang'onopang'ono, ndipo kunadziwika cifukwa cakuti anthu anayesa kawiri, pa malo amodzimodzi, ndi muyeso umodzimodzi. Pakadapanda muyeso woyamba uja, Unduna sukadadziwa kuti pali bvuto, ndipo pakadapanda waciwiri, sukadadziwa kuti zinthu zayamba kuyenda.

Zimene zinaoneka ku Chipata ndi ku Samfya zigwirizana ndi zimene zapezeka kwina. Mu 2018 Alexander Rowe ndi anzace anasonkhanitsa zofufuza zoposa 300 zocokera ku maiko osauka ndi ongoyamba kutukuka, zonse zokhudza njira zokonzera kagwiridwe ka nchito ka anthu a zaumoyo. Kugawira anchito timabuku cabe kunasintha zinthu pang'ono zedi, pafupifupi osasintha konse. Maphunziro paokha anaonjezera odwala pafupifupi 10 pa 100 alionse pa ciwerengero ca olandira cithandizo coyenera. Pamene maphunziro anatsatidwa ndi kuyenderedwa ndi oyang'anira, ciwerengeroco cinafika pafupifupi 18. Kusintha kwakukulu kunaoneka kumene anchito anali kukhala pansi pamodzi nthawi ndi nthawi kukambirana mabvuto a pa kiliniki yao yomwe ndi kufuna njira zowathetsera. Olembawo anacenjeza kuti zofufuza zina sizinali zolimba kwenikweni, komabe njira imene ziwerengero ziloza njoonekeratu: cimene cicitika pambuyo pa semina cilemera monga semina yomwe, kapena kuposa.

AZAMBA A KU LUFWANYAMA

Pomva izi wina angaganize kuti maphunziro ngacabe. Iai. Umboni wotsutsa ganizo limenelo unacokera muno mu Zambia momwemo, ku boma la Lufwanyama m'cigawo ca Copperbelt. Ili ndi dera lalikulu la nkhalango ndi midzi yotalikirana, kumene pa nthawiyo kunalibe cipatala cacikulu, ndipo amai ambiri anali kucirira kunyumba m'manja mwa azamba.

Kuyambira 2006 kufikira 2008 akuluakulu a zaumoyo a bomalo, pamodzi ndi ofufuza a ku Boston University, anagwira nchito ndi azamba pafupifupi 120. Anawagawa magulu awiri mwa maere. Gulu loyamba linaphunzitsidwa zocita pa mphindi zoyamba za moyo wa khanda: kulipukuta msanga ndi kulifunditsa nsaru youma kuti lisazizidwe, kucotsa madzi m'kamwa ndi m'mphuno ndi kampira koyamwa, kulisisita pamsana ngati silinalire, ndi kulipumira mpweya kupyolera m'kacipangizo kobvundikira pakamwa ndi mphuno ngati silipuma. Anaphunziranso kuzindikira khanda lodwala, kulipatsa mankhwala a amoxicillin kamodzi, ndi kuperekeza mai wace ku kiliniki. Gulu laciwiri linapitiriza nchito monga mwa kale, ndi zipangizo za ukhondo zimene azamba onse anali kulandira.

Pa maerepo ndipo pagona nkhani. Akuluakulu akadasankha okha azamba opita ku maphunziro, akadatenga ocangamuka, odziwa kuwerenga, okhala pafupi ndi mseu. Makanda obadwira m'manja mwa azamba otere akadapulumuka ambiri ngakhale popanda maphunziro, ndipo ulemu ukadapita ku semina pacabe. Mlimi aliyense adziwa kuti kubyala mbeu yatsopano pa culu ndi mbeu yakale pa mcenga si kuyesa mbeu, koma kuyesa nthaka. Maere anacititsa kuti m'magulu onse awiri mukhale ocangamuka ndi ofooka, apafupi ndi akutali, kotero kuti cosiyanitsa cinatsala cimodzi, ndico maphunziro ndi zipangizo zace.

Cinanso, owerenga makanda sanali azamba eni ace. Panali anthu ena apadera oyendera mabanja kukaona ngati khanda liri moyo kufikira masiku 28. Makanda pafupifupi 3,500 anatsatidwa motero. Zotsatira zinalengezedwa mu 2011. M'gulu la azamba opitiriza zakale, makanda pafupifupi 40 pa 1,000 alionse obadwa amoyo anamwalira mwezi usanathe. M'gulu la ophunzitsidwa anamwalira pafupifupi 23 pa 1,000. Imfa zinacepa ndi magawo 45 pa 100, ndipo imfa za makanda olephera kupuma pobadwa zinacepa ndi magawo 63 pa 100.

Muyeso wabwino umanena zokoma ndi zowawa zomwe. Kufufuza komweko kunasonyeza kuti imfa zobwera ndi matenda oopsa a makanda zinali cimodzimodzi m'magulu onse awiri, ndipo ciwerengero ca makanda obadwa akufa sicinasinthe. Ndiye kuti gawo limodzi la maphunziro, lothandiza khanda kupuma ndi kufunda, linagwira nchito moonekeratu, pamene gawo la mankhwala silinaonetse phindu lotere. Wokonza maphunziro wopatsidwa lipoti lotere adziwa poika ndalama caka camawa ndi pofunika kukonza. Wopatsidwa lipoti lonena cabe kuti azamba aphunzira ndipo anakondwera sadziwa kanthu.

Nanga ncifukwa ninji maphunziro a ku Lufwanyama anabala zipatso pamene a Coartem anacedwa? Azamba ambiri anali amai a sukulu yocepa, ndipo aphunzitsi ao sanawadzaze ndi nkhani zambiri. Anawapatsa maluso owerengeka, ocita ndi manja, nawabwereza pa zidole zonga makanda kufikira atazolowera. Mzamba aliyense anabwerera kumudzi ndi zipangizo m'cikwama, kotero kuti cimene anaphunzira Lacisanu akadatha kucicita usiku womwewo. Ndipo sanatayidwe: pakapita miyezi ingapo anali kuitanidwanso kudzakumbutsidwa ndi kuyesedwa.

Apa pafunika kunena momveka kuti masiku ano Boma lilimbikitsa amai onse apakati kukacirira ku cipatala kapena ku kiliniki, ndipo nchito ya azamba m'madera ambiri yasanduka yolangiza ndi kuperekeza. Nkhani ya ku Lufwanyama yachulidwa pano kaamba ka njira yace yophunzitsira ndi yoyesera, osati kuti amai abwerere kucirira kunyumba.

ALANGIZI OPHUNZIRA MASABATA AWIRI ALIONSE

Alimi acikulire a kuno Kum'mawa akumbukira zaka za m'ma 1980, pamene mlangizi anali ndi tsiku lace lodziwika lofikira pa munda wa mlimi wosankhidwa, ndipo alimi oyandikana nao anali kuitanidwa kudzaonera. Njira imeneyo inali kuchedwa Training and Visit, kapena T&V mwacidule, ndiko kunena kuti kuphunzira ndi kuyendera. Anaiyambitsa ndi Daniel Benor wa ku Israel, ndipo World Bank inaifalitsa ndi ngongole zace, kuyambira ku Turkey ndi ku India kufikira maiko oposa 50, Zambia pamodzi.

Mwina palibe nchito ina ya Boma imene inalemekeza maphunziro a pa nchito monga imeneyi. Monga inalembedwera, mlangizi anayenera kukumana ndi akatswiri a mbeu masabata awiri alionse kudzaphunzira uthenga wa nyengo imeneyo, kaya ndi kabyalidwe, kaya ndi kathiridwe ka feteleza, kenaka naupereka kwa alimi osankhidwa pa masiku oikika. Zonse zinali kulembedwa m'buku: misonkhano ingati, maulendo angati, alimi angati.

Poyamba umboni unaoneka wabwino. Ku India, Gershon Feder ndi anzace anayerekeza alimi a boma la Karnal, kumene kunali T&V, ndi alimi a tsidya lina la mtsinje wa Yamuna, a nthaka ndi miyambo yofanana, kumene kunalibe. Lipoti lao la 1987 linasonyeza kuti zokolola za tirigu zinakwera mokwanira kubweza ndalama zimene zinalowa. Koma kumeneko kunali minda yothirira, feteleza wopezeka ndi misika yapafupi. Uthenga wa mlangizi unagwera pa mlimi wokhoza kuucita.

Ku Kenya, kumene T&V inayamba mu 1982, nkhani inayenda mwina. Lipoti la 1993 linanena kuti phindu lace linali lalikulu kopambana, ndipo lipotilo linalimbitsa mtima onse ofuna kufalitsa njirayi mu Africa. Koma mu 1999 Madhur Gautam ndi Jock Anderson anatenganso ziwerengero zomwezo naziyang'ana bwino, napeza kuti munali zolakwa, ndipo zitakonzedwa, phindu lalikulu lija silinaonekenso. Lipoti lotsatira la 2000, lolembedwa ndi nthambi ya World Bank yoyesa nchito za banki yomweyo, linapeza kuti alimi okumana ndi mlangizi kawirikawiri anali ocepa kwambiri, kuti uthenga unali kubwerezedwa womwewo kwa alimi oudziwa kale, ndi kuti ndalama zambiri zinali kuthera pa malipiro, zotsala za mafuta ndi maulendo ziri zocepa. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 World Bank inali itasiya kulimbikitsa T&V, ndipo maiko, Zambia pamodzi, anatembenukira ku njira zina. Ngongole zokha ndizo zinatsala.

Pali zinthu ziwiri zoti akuluakulu a m'maboma atolepo. Coyamba ncakuti buku lodzala ndi ziwerengero za misonkhano ndi maulendo si umboni wa phindu. T&V inawerenga zambiri kuposa njira ina iriyonse, koma inali kuwerenga mapazi a mlangizi, osati matumba a mlimi. Caciwiri ncakuti woyesa nayenso amalakwa, ndipo lipoti lokoma liyenera kupatsidwa kwa munthu wina wosakhudzidwa kuti aliwerengenso. Ku Kenya zinatenga zaka zisanu ndi cimodzi kuti zolakwa zija zipezeke.

Pali mtengo winanso wa maphunziro umene sulembedwa m'malipoti, koma anthu a kumudzi aukumana nao ndi miyendo yao. Pa kiliniki ya namwino mmodzi kapena awiri, mlungu wa semina ndi mlungu wa mzere wautali, mwinanso wa citseko cotseka. Mlangizi woitanidwa ku boma m'mwezi wa November, mvula yoyamba itagwa, wasowa pa masiku amene alimi amfuna koposa. Ndipo pokhala alawansi ya semina nthawi zina imathandiza banja la wanchito kuposa malipiro a masiku omwewo, sicodabwitsa kuti anthu amodzimodzi amapezeka m'maholo kawirikawiri pamene ena a kumalo akutali satumidwa konse. Woyesa phindu la maphunziro ayenera kuika zimenezi pa sikelo.

ACINYAMATA A CDF

Tsono nkhani ibwerere ku ndalama za CDF ndi za msonkho uja. Makolo ambiri m'midzi akondwa, ndipo ndi cifukwa cabwino, poona ana ao amene anali kungokhala atumizidwa ku masukulu a luso popanda kugulitsa ng'ombe. Koma cikondwerero ca tsiku lonyamuka ndi khwerero loyamba cabe.

Mu 2017 David McKenzie wa ku World Bank anasonkhanitsa zofufuza za maphunziro a luso m'maiko ongotukuka, zimene zinayerekeza ophunzira ndi anzao osaphunzira osankhidwa mwa maere. Anapeza kuti pa anthu 100 alionse opatsidwa maphunziro, osakwana 3 ndiwo anapeza nchito imene sakadaipeza popanda maphunzirowo. Ciwerengeroci cidabwitsa, pakuti masukulu amanena zoona akati ophunzira ao ambiri ali pa nchito. Cimene samanena, cifukwa sacidziwa, ncakuti anzao amene sanapite ku sukuluyo nawonso ambiri anapeza cocita. Phindu la maphunziro ndi kusiyana kwa magulu awiriwo, osati ciwerengero ca gulu limodzi.

Koma si konse kumene zinali motero. Ku Uganda ofufuza anatsata acinyamata pafupifupi 1,700 kwa zaka zinai, ena otumizidwa ku masukulu a luso miyezi isanu ndi umodzi, ena oikidwa kuphunzira nchito kwa amisiri m'magalaja, m'masaluni ndi m'malo ena otere, ndi ena osalandira kanthu. Lipoti lao la 2020 linasonyeza kuti magulu awiri oyamba onse anapindula. Ophunzira kwa amisiri anapindula msanga, koma phindu lao linazilala m'kupita kwa zaka, pamene la ophunzira m'masukulu linakhalitsa. Cifukwa cacikulu cinali cakuti iwo anali ndi setifiketi yodziwika yosonyeza wolemba nchito watsopano akacoka pa malo oyamba. Motero setifiketi si pepala lacabe, malinga ngati kumbuyo kwace kuli luso lenileni. Nkhaniyi iphunzitsanso za nthawi yoyesera, pakuti woyesa caka coyamba cokha akadapereka mphotho kwa gulu lolakwika.

Kusiyana kwa zimene McKenzie anapeza ndi za ku Uganda kutanthauza kuti palibe munthu anganeneretu ali mu ofesi kuti maphunziro a ku Chadiza kapena a ku Nyimba athandiza kapena sathandiza. Zidalira sukulu, luso losankhidwa, ndi msika wa dera limenelo. Wodi imodzi ingathe kudyetsa matelala awiri kapena atatu, koma ikalandira makumi awiri caka cimodzi, ambiri adzabwerera ku khasu ndi setifiketi m'sutukesi. Kalipentala wopanda sowo ndi pulena afanana ndi namwino uja wa Coartem wosowa m'kabati.

Kuyesa zimenezi sikufuna akatswiri a ku Boston. Mapempho a thandizo la maphunziro a luso amadzera m'makomiti a citukuko a m'mawodi, kotero kuti maina a onse opempha alipo kale, osankhidwa ndi otsala omwe. Mlembi wa komiti angathe kutsegula buku limodzi, nalemba dzina la wacinyamata aliyense, mudzi wace, luso limene akaphunzira ndi cimene anali kupezera ndalama asanapite. Cikatha caka cibwerereni, munthu wosakhala mphunzitsi wa sukuluyo kapena mbale wa wophunzirayo amfunse mafunso ocepa: kodi agwira nchito ya luso lija, ali ndi zipangizo, ndipo mwezi watha wapeza zingati? Mafunso omwewo afunsidwe kwa amene anapempha koma malo anacepa, pakuti iwo ndiwo gulu loyerekezera limene dera liri nalo kwaulere. Kumene opempha oyenera aculuka kuposa malo, kusankha mwa maere pamaso pa anthu kungathandize pawiri, pothetsa manong'onong'o a kukondera ndi polungamitsa muyeso.

Cimodzimodzi kwa akuluakulu a maunduna m'maboma ndi kwa makampani opempha ndalama za msonkho wa luso. Asanaitane anthu ku holo, ayenera kulemba pa pepala cinthu cimodzi kapena ziwiri zimene afuna kuti zisinthe pa nchito, ayese mmene ziriri lero, ndipo apatule ndalama za ulendo wokayesanso pambuyo pace. Ndalama za ulendowo zingacokere pa zakumwa ndi malaya osindikiza a tsiku lotsekera. Ndipo pa msonkhano wa Khonsolo, khansala wolandira lipoti lonena za ciwerengero ca ophunzira caka cino angathe kupempha kuti pambali pace paikidwe buku la ophunzira a caka catha, losonyeza amene ali ndi makina osokera, amene ali pa ganyu ya luso lina, ndi amene sanapezeke, komiti isanasaine maina a gulu lotsatira.